Khadi la kamera lothamanga, ndi ngoma ya atate imene ndinataya ku Mtenguleni

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mphunzitsi wina wa ku Katete. Akuti ali ndi kakamera kolowa m'thumba kamene anapatsidwa ndi mkulu wake. Akajambula chithunzi chimodzi, kamayatsa kagetsi kofiira n'kungoti duu ngati kakumbukira ngongole, ndipo vidiyo imaduka yokha asanaiimitse. Wogulitsa wina wamuuza kuti mankhwala ake ndi khadi losungira zithunzi la mtundu wa SD, la 128GB, lolembedwa 170MB/s. Akufuna kukajambula Kulamba mu August. Agule kapena ayi?

Mlongo wanga, mwachita bwino kufunsa, safunsa anadya phula. Koma mwandikhudza pachilonda. Nditawerenga kalata yanuyi ndinaika foni pansi n'kutuluka panja kaye. Yankho lanu lilipo, koma mundilole ndidzere ku Mtenguleni, kumene kumachitikira Nc'wala, mwambo wa Angoni.

Atate anga anali Mngoni wosaphonya Nc'wala. February akayandikira kumapeto ankatsitsa chishango chawo kudenga, n'kukhala pakhonde kuchipukuta, chibonga chili pambali, nthenga ataziyanika pa mpando kuti zisanunkhe chinyezi. Chaka chimene ndikunenachi miyendo yawo inali itayamba kutupa. Amayi analimbana nawo sabata yathunthu. "Atate ake, mukagwa pamaso pa Inkosi, ndani akakunyamuleni?" Iwo anangoloza ine, nati mnyamatayu ali ndi kamera, ndikagwa akajambule.

Kamerayo inali yaing'ono ngati yanuyo, ya mabatire awiri a AA. Khadi lake ndinaligula Khrisimasi isanafike kwa mnyamata wina wa patebulo, aja ogulitsa machaja, zovala za foni ndi mahedifoni pamodzi. Pakhadipo panalembedwa 32GB, panalinso 10 ali mkati mwa chilembo C, ndi dzina la kampani yodziwika. "Bwana, iyi ndi orijino, m'sitolo akuberani." Mtengo wake unali theka la umene ndinaona m'sitolo, ndipo ndinanenererabe mpaka anachotsako. Ndinafika kunyumba ndikudzitama kuti ine sindipusitsidwa.

Linagwira ntchito, ndipo apa m'pamene pali msampha. Ndinajambula Khrisimasi. Ndinajambula ukwati wa msuweni wanga ku Chadiza, zithunzi mazanamazana ndi timavidiyo ta akuchikazi akuvina. Zonse zinkaoneka bwinobwino. Sindinafufute kanthu, ndinkati malo alipo ambiri, kamera yokha inkandiuza choncho.

Loweruka la Nc'wala kunachita mitambo koma mvula inatilekerera. Amene sanapiteko sadziwa kuti ngoma ya Angoni sifuna ng'oma, mapazi ndiwo ng'oma yake. Amuna akaponda pamodzi nthaka imakugwedeza m'mawondo, amayi akuomba m'manja ndi nthungululu kumbuyo. Atate analowa m'mzere wa a kumudzi kwathu. Anayamba mwaulesi, ngati munthu woyesa madzi a mumtsinje, kenako china chake chinawagwira. Anakweza chibonga, naponda, matope n'kuthovokera pa akakolo otupa aja. Ine ndinagwira kamera ndi manja awiri osaphethira, pafupifupi mphindi zisanu ndi zitatu. Sanagwe. Atatuluka anandifunsa ali wefuwefu, "Wagwira?" Ndinati ndagwira zonse.

Tili kumbuyo kwa galimoto kubwerera ku Chipata ndinati ndiwaonetse. Kamera inalemba kuti singathe kuonetsa. Ndinati mwina ndi mabatire. Ndinasintha, chimodzimodzi. Mawa lake ndinapita kwa mnzanga wokonza makompyuta. Mayina a mafayilo onse analipo pa laputopu yake, kukula kwake kunalembedwa, koma kutsegula, ng'o. Zonse za tsiku limenelo zinali zigoba za mtedza zopanda mtedza. Anakopera zimene zinapulumuka, naika khadilo pa pulogalamu yotchedwa H2testw, imene imadzaza khadi lonse kenako n'kuwerenga zimene yalemba kuti ione ngati zabwerera. Malo enieni sanali kufika ndi 4GB pomwe.

Atate anatisiya mu July chaka chomwecho. Ndili ndi zithunzi zoposa mazana atatu za ukwati umene unatha kale, koma ndilibe ngakhale chimodzi cha iwo akuponda.

Mmene amachitira akuba amenewa n'zosavuta kumva. M'khadi muli mbali yosunga zinthu, mulinso kachipangizo kena kamene kamauza kamera kukula kwa khadilo. Iwo amatenga khadi laling'ono n'kuphunzitsa kachipangizoko kunama. Kamera imakhulupirira. Malo enieni akadzaza, imapitirizabe kutumiza zithunzi, koma zikugwera m'chitsime, kapena zikufafaniza zakale. Ndiye chifukwa chake khadi lotere limakukomera masabata oyamba n'kudzakuluma tsiku lalikulu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tsono ndikamva kuti munthu wauzidwa agule 128GB ya 170MB/s kuti aike m'kakamera ka m'thumba, magazi amandithamanga. Ndinena mosapsatira: anthu ambiri kuno amene amadandaula kuti khadi lawo n'lochedwa, vuto lawo si loti anasankha nambala yaing'ono. Anagula bodza. Khadi lonama kukula limanamanso liwiro, pepala lomata pamwamba aliyense angathe kusindikiza. Ndipo wogulitsayo mwina sakudziwa n'komwe, iyenso anaoda katoni yonse kwa wina amene ananamizidwa ndi winanso. Ine mnyamata uja ndinamusakasaka miyezi iwiri nditakwiya, pano ndikaganiza ndimaona kuti akanangondiyang'ana ndi maso odabwa.

Nthawi zina ndimakumbukira atsibweni anga, amene ankazungulira midzi ya ku Chadiza panjinga ndi kamera ya filimu. Filimu imodzi zithunzi 36 basi. Ankayang'ana nthawi yaitali asanadine, n'kukuuza uwongole kolala, uchotse nkhuku kumbuyoko. Filimu ikatha ankaikulunga m'kansalu n'kuibisa m'thumba la mkati ngati ndalama ya fodya. Sankasunga chaka chonse m'kabotolo kamodzi. Ife tapatsidwa malo ochuluka ndipo tasanduka osasamala, timaunjika Khrisimasi, ukwati, maliro ndi Nc'wala pa kanthu kochepa ngati chikhadabo. Ngakhale khadi langa likanakhala lenileni, kusakopera zithunzi kwa miyezi itatu kunali kupusa kwanga ndekha. Zimenezo sindingamukankhire mnyamata wa patebulo.

Ndipo musamvere amene azikuuzani kuti tayani kamerayo, foni ilipo. Ku Mkaika, kumene kumachitikira Kulamba, kumadzaza anthu ochokera kuno ku Zambia, ku Malawi ndi ku Mozambique, ndipo inu mudzaima kutali ndi bwalo. Kakamera kanuko kali ndi galasi lotuluka lokoka zinthu zakutali, pamene mafoni ambiri otsika mtengo amangofutukula chithunzi mpaka nkhope kukhala phala. Chokhacho, gule akatuluka muyambe mwafunsa akuluakulu a pamalopo ngati n'kololeka kujambula pamene mwaimapo. Inu ndinu a ku Katete, izi mukuzidziwa kuposa ine Mngoni.

Nanga manambala aja?

Nambala yaikulu ya papaketi, 170MB/s yanuyo, kawirikawiri imanena liwiro lowerenga, kutanthauza pokopera zithunzi kupita pa kompyuta. Kamera ikamajambula imalemba, siwerenga. Liwiro lolemba limabisala m'tizizindikiro ting'onoting'ono. Nambala ya mkati mwa C, imene amaitcha Class, kaya 2, 4, 6 kapena 10, ndi lonjezo lakuti khadilo silitsika pansi pa mamegabaiti amenewo pa sekondi. U wokhala ndi 1 mkati ndi 10MB pa sekondi, U wa 3 ndi 30MB, chimodzimodzi ndi V30. A1 ndi A2 ndi za mapulogalamu a pafoni, kamera sizikuikhudza.

Tiwerengere limodzi, poti ndinu aphunzitsi. Chithunzi cha kamera ya mamegapikiselo 12 chimakhala cha 4MB kapena 5MB. Pa khadi la Class 4 chingatenge sekondi yathunthu n'kupitirira pang'ono, pa Class 10 theka la sekondi. Mukadina kasanu motsatizana kusiyanako mukumva ndithu. Apa khadi labwino limathandiza. Koma kamera nayo ili ndi malire ake. Makamera akale amalankhula ndi khadi pa njira imene sipitirira 25MB pa sekondi, ena 12.5MB, ndipo ambiri safika n'komwe pamenepo. Liwiro lokwera limafuna njira yatsopano ya UHS-I, imene imafika 104MB pa sekondi, kapena UHS-II, ya makhadi okhala ndi mizere iwiri ya timano kumbuyo. Kamera yopanda njira zimenezi imalandira khadilo n'kuliyendetsa pa liwiro lake lakale. Tengani ngolo ya ng'ombe muiike pa phula la Great East Road, ifika ku Katete nthawi imene ng'ombezo zafuna.

Vidiyo ndiye imasokoneza anthu chifukwa amaiyeza ndi mamegabiti, osati mamegabaiti, ndipo mabiti asanu ndi atatu ndiwo baiti imodzi. Full HD ya 24Mbps ndi 3MB pa sekondi basi, Class 10 imanyamula ikuimba mluzu. U3 kapena V30 imafunika pa vidiyo yapamwamba ya 4K, imene pa 100Mbps imadya 12.5MB pa sekondi. Sindikhulupirira kuti kamera yopatsidwa ndi mkulu wanu ili ndi 4K.

Chachikulu kuposa zonsezi, chimene wogulitsa uja sanakuuzeni: 128GB mwina kamera yanu siiwerenga n'komwe. Makhadi a SD oyambirira ankathera pa 2GB. Mu 2006 kunabwera SDHC, yofika 32GB. Mu 2009 kunabwera SDXC, ya kuposa 32GB, ndipo imasanja mafayilo mwa njira ina yotchedwa exFAT. Kamera yopangidwa SDXC isanabwere imangolemba kuti khadi lili ndi vuto. Ndipo ngati ndi Sony yakale mwina imafuna Memory Stick, Olympus kapena Fujifilm yakale mwina imafuna xD, ndiye SD ya mtundu uliwonse silowamo. Tsegulani kachitseko ka batire muone khadi limene lilimo, ndi zimene zalembedwa pa kamerayo kapena m'kabuku kake.

Palinso kuchedwa kumene khadi lililonse silingachize. Ngati kamera imaima mukajambula ndi fulashi, ikudikira kuti fulashiyo idzazenso mphamvu, ndipo mabatire ofooka amatalikitsa kudikirako. Ine ndinavutika nazo mpaka nditagula mabatire ochajidwa. Ngati imachedwa pakati pa kudina ndi kujambula, ikufunafuna fokasi, dinani batani theka kaye, ikagwira mumalize. Ngati imakuonetsani chithunzi masekondi angapo mukangojambula, zimenezo zimathimitsidwa m'makonzedwe. Vidiyo yoduka patangopita masekondi ochepa, ameneyo ndi khadi lochedwa kapena lonama. Koma ikamaduka pamalo amodzimodzi nthawi zonse patapita mphindi zambiri, ndi lamulo la kamera: pa SDHC fayilo imodzi singapitirire 4GB, ndipo makamera ambiri anawapanga kuti aziima pa mphindi 29 ndi masekondi 59. Mungodinanso n'kupitiriza.

Ndiye mlongo wanga, 128GB ija isiyeni. Gulani makhadi awiri a SDHC, a 16GB kapena 32GB, olembedwa Class 10 kapena U1, a SD aakulu osati kakang'ono ka foni kolowetsa m'chikombole, chifukwa chikombolecho chimakhwepa. Muwagule m'sitolo yopereka risiti, imene mawa mudzaipeza pamalo pomwepo. Musanajambule chilichonse, pitani nawo kwa wa kompyuta awayeze ndi H2testw mpaka kumapeto, ngakhale zitenge ola, ndipo pulogalamuyo ikuuzaninso liwiro lenileni lolemba. Akapambana, muwafomatire, kutanthauza kufufuta zonse kuti ayambe mwatsopano, m'kamera momwemo osati pa kompyuta. Ku Mkaika mukasinthe khadi masana, loyambalo mukalimange pa mfundo ya chitenje.

Khadi langa lija ndikadali nalo. Lili m'kachitini ka mafuta odzola pamodzi ndi nthenga ziwiri za atate. Mwana wanga wamkulu analipeza chaka chatha n'kuliika m'laputopu yake, akuti pali mapulogalamu atsopano obweza mafayilo. Ndinamusiya ayese. Anakhalira usiku wonse, m'mawa anabwera kudzandionetsa zimene anapeza: akuchikazi a ku Chadiza akuvina.