Funsani Dokotala: Kodi asidi wa m'maapozi amapha khansa ya pakhungu yotchedwa melanoma?

Funso: Adokotala, amayi anga ali ndi banga lakuda pansi pa phazi ndipo likukula. Mnzanga akuti tizipakapo mafuta okhala ndi malic acid, eti ofufuza anapeza kuti amapha melanoma. N'zoona?

Yankho: Ayi, musapakepo kanthu. Aperekezeni amayi kuchipatala sabata yomwe ino.

Malic acid ndi asidi amene amachititsa maapozi osapsa kuwawasa. Carl Wilhelm Scheele ndiye anayamba kumutulutsa m'madzi a maapozi mu 1785, ndipo pamapaketi a maswiti ndi zakumwa amalembedwa kuti E296. Maselo athu nawonso amamupanga okha akamasandutsa chakudya kukhala mphamvu.

Chimene chimasokoneza anthu ndi dzina. Mu 2015 ofufuza a ku Taiwan anapeza kuti maselo a melanoma amakhala ndi puloteni yambiri yotchedwa malic enzyme 2, ndipo ataifooketsa m'labotale maselowo anachepa mphamvu yochulukana ndi kufalikira. Iwo amafufuza puloteniyo, osati asidi wopaka kapena wakumwa. Malic acid si mankhwala ovomerezeka a khansa iliyonse.

M'mafuta odzola, asidiyu amangosupula kakhungu kapamwamba. Melanoma imalowa pansi, ndipo kuya kwakeko n'kumene timayeza m'mamilimita. Ikapezeka isanadutse milimita imodzi, nthawi zambiri kuidula kokha kumakwanira. Mukaiwotcha ndi asidi, pamwamba pangaoneke ngati payera koma m'kati ikupitirira, mpaka mwanabele atatuluka m'mphechepeche. Choipanso n'chakuti khungu lowotchedwalo limavuta kuliyeza bwino m'labotale.

Malo amene mwatchulawo ndi amene akutidetsa nkhawa. Kwa ife akhungu lakuda, melanoma imakonda pansi pa phazi, pachidendene, m'chikhatho ndi pansi pa chikhadabo, malo osawombedwa kwenikweni ndi dzuwa. Ambiri amayesa chilonda cha minga kapena chikang'a, n'kuchedwa nacho. Banga lokula kuposa mamilimita 6, lam'mbali mokhotakhota, lamitundu yosakanikirana, lotuluka magazi kapena losintha m'miyezi yochepa liyenera kuonedwa. Chimodzimodzi mzere wakuda pachikhadabo umene ukutambalala kapena wafika pakhungu la m'mbali.

Kuchipatala musangolandira mafuta opaka n'kubwerera. Funsani za kudula bangalo kuti likayezedwe, ndipo ngati pamalopo sangathe, pemphani kalata yopita ku chipatala chachikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre kapena Kamuzu Central ku Lilongwe. Lijambuleni lero pafoni, mutaika rula pambali pake, kuti dokotala akaone mmene lasinthira.

Kwa inu amene mumadzola mafuta a asidi ameneyu pofuna kusalalitsa nkhope, dziwani kuti khungu losupulidwa limapsa msanga ndi dzuwa. Dzolani usiku, ndipo masana muzipaka mafuta oteteza ku dzuwa a SPF 30 kapena kuposerapo.