Fomu ya pa tabuleti izilandira mayankho momwe alimi amayankhulira

Achimwene, mwafunsa kuti mugule matabuleti otani, komanso mukonze bwanji fomu yoti anyamata ndi atsikana anu akafunse alimi za zokolola ku Dedza. Za tabuleti sindichedwapo. Tengani ya Android ya batire yokhalitsa, sikirini yake yowala mokwanira kuwerengeka padzuwa la mu Okutobala, ndipo wofunsa aliyense anyamule power bank poti midzi yambiri kulibe magetsi. Pulogalamu musavutike kulemba yanuyanu. ODK, yomwe idayambira ku University of Washington mu 2008, KoboToolbox, ndi Survey Solutions ya World Bank, zonsezi zimagwira ntchito popanda netiweki, mayankho n'kudzatumizidwa mukafika poti mafoni akugwira. Nawo a NSO, ofesi ya boma yoona za kalembera ndi ziwerengero, kalembera wa 2018 adamuchita pa matabuleti, ndiye njira idapondedwa kale.

Pomwe ndikukupemphani kuti mukhalepo pansi ndi pa fomuyo. Mlimi mukamufunsa kuti chimanga munakolola chochuluka bwanji, sakuuzani makilogalamu. Anena kuti ngolo ziwiri, kapena matumba khumi ndi ndowa zitatu, mwinanso kuti nkhokwe idafika pakati. Fomu ikangofuna nambala ya makilogalamu basi, wofunsa uja amawerengera m'mutu ali chiimire, mayi akudikira kuti abwerere kumoto, ndipo chomwe walembacho n'chongoganizira. Inu muofesi muona nambala yooneka bwino osadziwa kuti ndi yopeka. Choncho funsolo muligawe: kuchuluka kwake, muyeso womwe mwiniwake watchula, ndiponso ngati chimangacho n'chotonola kapena chosatonola, pakuti ngolo ya zitsononkho ndi njere zake si ngolo ya njere zokhazokha. Ikanimo zithunzi za ndowa yaing'ono ndi yaikulu kuti mlimi aloze yekha. Kusandutsa makilogalamu ichite kompyuta pambuyo pake.

Zaka zakubadwa nazonso n'chimodzimodzi. Agogo ambiri chaka sachidziwa, koma amadziwa ngati adabadwa isanagwe njala ya 1949, kapena ngati anali atakwatiwa kale pomwe dziko linkalandira ufulu mu 1964. Ikani zochitika zoterezi pafupi ndi funso, mpaka referendamu ya 1993 ndi njala ya 2002, ndipo batani la "sindikudziwa" lisasowe. Fomu yokana kupita patsogolo popanda nambala imaphunzitsa wofunsa kunama. Nambala ikaoneka yachilendo, tabuleti ingochenjeza kuti atsimikize, isatseke njira.

Mafunso alembedwe m'Chichewa pasikirini pomwepo. Mukawasiya m'Chingerezi, aliyense amasulira mwake, ndiye kuti anthu afunsidwa mafunso osiyana. Funso limodzi pa tsamba, mabatani aakulu oti chala cha thukuta sichiphonya, kulemba kochepa. Izi ndimazitenga ngati nkhani ya ulemu, chifukwa mwana wozolika pasikirini mkulu akuyankhula amaoneka wamwano, ndipo mkuluyo amayamba kuyankha mwachidule kuti zithe.

Ngati muziyeza minda ndi GPS, njira yodziwira malo kudzera pa setilaiti, yambani mwafotokozera amfumu ndi eni minda cholinga chake, poti nkhani ya malo anthu sachedwa kuikayikira. Tabuleti iliyonse ikhale ndi pasiwedi, muli mayina a anthu m'menemo.

Musanasindikize ndandanda ya ulendo, kayeseni fomuyo m'mudzi womwe suli pa kafukufuku wanu. Inuyo mukhale pambali osayankhula, muzingoyang'ana pomwe chala cha wofunsa chaima ndi pomwe mlimi wati "mwati bwanji?" Mafunso amenewo ndiwo mukawakonze madzulo ake, mawa n'kukawayesanso pakhomo lina.