Mvula yachepadi, kapena yangosintha kagwedwe?

Amayi ena a ku Katete anditumizira imelo, ati: "Makolo athu ankabzala mu Novembala osaopa kanthu, ife lero kubzala kawiri. Kodi mvula ikuchepa chaka ndi chaka kapena ndi maganizo athu chabe?"

Amayi, si maganizo anu ayi, koma nkhani yaikulu siili pa kuchuluka kwake. Kuno ku Chipata chaka chabwinobwino timalandira mamilimita pafupifupi 1,000, ndipo a zanyengo akaphatikiza ya dzinja lonse nambala imatha kuoneka bwinobwino inu mutakolola zochepa. Vuto ndi kagwedwe. Ibwera yamkuntho masiku awiri, madzi kuthamangira kudambo atanyamula dothi ndi feteleza wanu yemwe, kenako kumwamba kuli mbee masabata atatu, ndiye ng'amba imeneyo ikapeza chimanga chikumasula ngayaye basi kwatha, olo igwe yochuluka bwanji mu Malichi chisononkho chituluka cha njere apa ndi apo.

Kumbukani 2024. Ambiri tinabzala bwino, chimanga chinamera, kenako dzuwa masabata oposa asanu kuyambira mu Januwale, masamba kupotana ngati anyezi. Pa 29 February a Pulezidenti Hichilema analengeza kuti dziko lili pa tsoka, mahekitala pafupifupi 1 miliyoni a chimanga atapserera, madzi a ku Kariba nawo kutsika kwambiri, magetsi osaoneka tsiku lonse.

Ena amati ndi El Niño chabe, kutentha kwa madzi a m'nyanja ya Pacific komwe kumachepetsa mvula kuno. Zoona, koma El Niño si mlendo, mu 1992 anthu anadya nsima ya chimanga chachikasu chifukwa cha yemweyu. Chatsopano ndi kutentha. Zambia yatentha ndi digiri yoposa imodzi kuchokera m'ma 1960, ndipo mpweya ukatentha ndi digiri imodzi umasunga chinyontho choonjezera pafupifupi 7 peresenti, nchifukwa chake mvula ikati igwe imakhuthuka. Ikaleka, dothi liuma msanga. Ndiye ng'amba ya masiku 10 lero imapweteka kuposa ya masiku 10 nthawi ya agogo.

Ine ndikanakhala inu sindikanathamangira chizimalupsa, dikirani dothi linyowe mpaka pansi. Mbewu musaike yonse tsiku limodzi, gawani, ndipo mbali ina ikhale yocha msanga. Mapesi asiyeni m'munda asunge chinyontho, ndikudziwa anyamata a mbewa sakondwa nazo izi koma alankhuleni asatenthe. Komanso pa kalendala ya kunyumba muzichonga tsiku lililonse lomwe mvula yagwa, pakatha zaka zitatu mudzaona nokha mwezi womwe munda wanu umakhala paludzu.