Musathamangire chindapusa, yambani mwagawana makina

Achimwene, mwafunsa ngati pa shedi yanu ku Chibavi, pomwe akalipentala ndi owotcherera mumagwirira limodzi, ndi bwino kuika chindapusa kapena kulemba waganyu, poti tsache limangogwiridwa ndi anthu awiri omwewo. Ine ndikuti zonsezo zidikire kaye. Kusesa ndi kumene kumayambanitsa anthu, inde, koma chimene chimathetsa gulu ndi makina opanda mwini.

Za kusesa musalembe masiku. Ndandanda wa Lolemba uje, Lachiwiri uje sukhalitsa, chifukwa tsiku la munthu limamupeza akukhoma denga ku Katoto kapena wapita kukagula matabwa ku Chikangawa. Amene wapala matabwa aole utuchi wake asanachoke, amene wadula zitsulo atole tizidutswa take. Kenako Loweruka m'mawa, makina asanalizidwe, nonse mugwire pamodzi: ngalande, chimbudzi, kuseri kwa shedi. Ndikati nonse ndikuphatikiza akuluakulu amene anayambitsa gululo. Zimandipweteka kuona tsache likusiyidwa kwa anyamata ophunzira ntchito ndi amayi okha, ngati iwowo sanabwere kudzaphunzira kupala.

Makina aliwonse akhale ndi munthu mmodzi wowayang'anira, dzina lake lilembedwe ndi choko pakhoma. Onse azigwiritsa ntchito, koma woyankha za lamba, girisi ndi mano a sowo ndi iyeyo. Kuno ku Mzuzu zimenezi n'zofunika kuposa kuchigwa, chifukwa mvula imachedwa kusiya, ndipo ngakhale mu June ndi July kumawaza. Siyani tebulo la sowo losapukuta Lachisanu, Lolemba mudzalipeza lafiira ndi dzimbiri, thabwa likukana kutsetsereka. Kulipaka sera ya kandulo kumathandiza, ndipo siidetsa matabwa ngati oilo. Paini wa ku Viphya ali ndi utomoni wambiri, makamaka akakhala wosauma bwino. Utomoniwo umamatirira pa mano a sowo ndi pa mipeni ya pulena, sowo imayamba kutentha, m'mbali mwa thabwa mumatuluka mizere yakuda, anthu n'kumati sowo yabuntha pomwe ikungofuna kupukutidwa ndi kansanza ka palafini. Mota nayo imapuma kudzera m'timipata ta kumbuyo. Tikatsekeka ndi fumbi imatentha mpaka kupsa, ndipo kukulungitsanso mota ndi ndalama zomwe gulu laling'ono limalira nazo. Amene anaphunzira pa Mzuzu Technical College kapena ku maphunziro a ntchito zamanja a TEVETA mwa inu, awa ndi malo oti athandize anzawo.

Popeza mwasakanikirana ndi owotcherera, nkhani ya utuchi si ya ukhondo wokha. Nthethe za gilayinda zimauluka patali, zikagwera pa mulu wa utuchi moto umanyeka pansipansi osaoneka, n'kudzabuka usiku mutatseka. Owotcherera akhale mbali yawo, ndowa ya mchenga ikhale pafupi, ndipo nsanza zopakira vanishi musamaziunjike pakona, muziziyanika panja.

Utuchiwo musataye kapena kuutentha. Oweta nkhuku amafuna zopalapala zouma zoyala m'khola, ena amaphikira utuchi pa mbaula. Muziika m'matumba pamalo osanyowa, ndalama yake izipita kwa msungichuma kuti muzigulira girisi, palafini, matsache ndi mayunitsi a ESCOM. Munthu akaona kuti thumba lomwe anaola lagula magetsi, saumirizidwanso.

Waganyu mukhoza kumutenga pa ntchito zolemera monga kukumba dzenje la zinyalala, koma asakhudze makina. Chindapusa chisungireni mlandu umodzi: kuwononga chipangizo n'kuchibweza mwakachetechete. Ikani kope pafupi ndi chitseko, aliyense akamva phokoso lachilendo kapena akathyola kanthu alembe tsiku lomwelo. Wodziulula yekha m'kopemo athandizidwe ndi thumba la gulu, wobisa alipire zonse.