Mpendadzuwa wa mbuzi zamkaka: inde, koma pang'ono

Mayi, mwafunsa ngati mbuzi zamkaka zingapatsidwe mpendadzuwa kapena soya wokazinga: zipatseni mbuzi zanuzo, musaope. Mkaka umakhuthala, mafuta ake amakwera, ndipo mbuzi ikangobereka kumene sichedwa kubwerera thupi. Apa mbuzi zimasiyana ndi ng'ombe: ng'ombe ikadya mafuta ambiri a mbewu pamodzi ndi madeya, mafuta a mumkaka amatsika, pamene kwa mbuzi nthawi zambiri amakwera.

Ine ndili ndi mbuzi zamkaka ziwiri za mtundu wa Saanen. Iliyonse ndimaipatsa njere za mpendadzuwa zodzadza dzanja limodzi, zosakaniza ndi madeya, pokama m'mawa. Patatha masabata awiri mkaka ukagona unayamba kuyala mafuta pamwamba, kafungo ka mbuzi kaja kanachepanso, moti ana omwe ankaukana pano amaulimbirana. Koma ndinalakwitsapo. Ndinathira mafuta ophikira m'madeya pofuna kufulumira, mbuzi ina inasiya kubzikula n'kuyamba kutsegula m'mimba. Mafuta akachuluka amafooketsa tizilombo ta m'chifu tomwe timagaya udzu, n'chifukwa chake mafuta onse asamapitirire magawo 6 pa 100 a chakudya chonse cha mbuzi, osawerengera madzi a m'chakudyamo. Yambani pang'onopang'ono, ndipo udzu ndi masamba zisachepe.

Chomwe ndimaopa kwambiri ndi chuku. Mtedza, madeya kapena mpendadzuwa wovunda uli ndi poizoni wa aflatoxin amene amadutsira mumkaka womwe ana anu amwe. Chanunkha chinyontho tayani.

Mbuzi ikasiya kudya, ikatupa mimba, kapena mkaka ukasintha mtundu, itanani alangizi a ziweto a kwanuko tsiku lomwelo.