Yankho kwa amake Dalitso pa nkhani ya tyushoni

Mlamu, uthenga wanu ndaumva, pepani ndachedwa kuyankha, magetsi anathima foni n'kutha moto. Mwafunsa ngati Dalitso mumulembetse tyushoni ya pa Chiweru, poti amangokhalira m'fumbi ndi anzake mu komboni ya Kapata umo, kuno ku Chipata. Ine ndikuti ayi, Chiwerucho musiyireni mwanayo. Ali giredi 4 chabe, mayeso omaliza a pulayimale akadali kutali.

Tsiku ndinabwera lija ndinamupeza kuseri kwa nyumba akupinda waya, akupanga galimoto, matayala ake a zitsekerero za mabotolo. Tayala limodzi linkangopotoka. Anamasula katatu konse n'kuyambiranso, osalira, osaitana munthu. Mlamu, kuyeza kuja ndi kupirira kuja kulibe tyushoni imene ingamupatse. Ndiye akatuluka ndi chimpombwa chawo cha mapulasitiki, mudzamvetsere mkangano wake: chigoli, si chigoli, wagwira ndi dzanja! Wamkulu woweruza palibe, amaweruzana okha. Wokwiya amachoka, kenako amabwerera yekha poona kuti mpira ukupitirira popanda iye. Kukhala ndi anthu amakuphunzirira pamenepo.

Ife ku Katete zimenezi sitinkaziganizira n'komwe. Bwalo linalipo, mwezi ukawala tinkasewera mpaka agogo atiitane, masana phada, chiyato, masanje. Kuno zasintha. Chipata chikhalireni mzinda mu 2017 mapuloti akungodzaza, pamene ana ankamenyera mpira lero pali mpanda wa njerwa, m'misewu njinga zamoto sizipuma. Choncho mantha anu ndikuwamva ndithu, nanenso ndine kholo. Koma mukamutsekera m'nyumba azingokhala pa foni yanu. A bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO amati mwana wa zaka 5 mpaka 17 azichita zothamangathamanga mphindi zosachepera 60 tsiku lililonse, nanga m'chipinda angathamange kuti?

Chimene ndingapemphe n'chakuti mukambirane ndi azimayi a nyumba zoyandikana nanu, muzisinthana, mmodzi azikhala pakhonde kuyang'ana ana kuti asafike kumsewu waukulu. Homuweki azichita akangodya nsima, ikakwana 16 koloko azipita kukasewera, 18 koloko isanakwane akhale atabwera kudzasamba. Kuwerenga kukamamuvuta mundiuze, ndizikhala naye pa Sondo tikaweruka kutchalitchi.

Aa, ndikanaiwala. Ndili ndi waya wotsala pakhola la nkhuku lija, mumuuze ndidzamubweretsera.