Buku la mimbulu ndi mabala a mumtima

Achemwali, mwafunsa za buku lokamba za nyama zakutchire komanso za munthu amene akuchira atachitidwa nkhanza, koma losalalikira. Pezani Once There Were Wolves, la Charlotte McConaghy wa ku Australia, lomwe linatuluka mu 2021. Ndi la Chingerezi, koma chosavuta.

Inti Flynn, katswiri wa nyama, afika ku mapiri a Cairngorms ku Scotland ndi mimbulu 14. Mimbulu inatha kumeneko zaka mazana zapitazo, ndiye agwape anaswana kwambiri, amabudula mphukira iliyonse mpaka nkhalango ikulephera kumeranso. Nzeru yobwezeretsa mimbulu inayesedwadi ku Yellowstone ku America mu 1995, koma za ku Scotland za m'bukuli ndi zopeka.

Chimene chinandigwira mtima ndi alimi a nkhosa. Wolemba sanawasandutse mbuli zodana ndi chitukuko ayi. Munthu amene moyo wake wonse uli m'khola, mukamuuza kuti mitengo idzabwerera m'nthawi ya zidzukulu zake, iye akuganiza za kamwana ka nkhosa kamene kabadwa usiku wathawu. Amene muli ndi abale m'malire a paki ya Kasungu, komwe anasamutsirako njovu 263 kuchokera ku Liwonde mu 2022, mkangano umenewu simufuna wokumasulirani.

Tsono pali Aggie, mapasa mnzake wa Inti, amene anasiya kuyankhula chifukwa cha zomwe mwamuna wake anamuchita ali ku Alaska. Inti naye ali ndi chibadwa chachilendo: akaona wina akupwetekedwa, thupi lake limamva ululu womwewo. Koyambirira kwenikweni, ali kamtsikana, bambo ake akutumbula kalulu ndipo iye akumva mpeniwo pamimba pake. Ndiye taganizani munthu wotere akuona mabala a m'bale wake. Kuchira kwa m'bukuli n'kwapang'onopang'ono, kobwerera m'mbuyo nthawi zina, ndipo mpake, ndi mmene zimakhalira.

Pakati pake munthu wina wa m'deralo apezeka atafa, anthu n'kuyamba kuloza mimbulu. Mbali imeneyi kwa ine inathamanga kwambiri chakumapeto, koma musalisiye chifukwa cha zimenezo.

Ndikuchenjezeni ndithu: nkhanza za m'banja ndi kugwiririra zalembedwa mosabisa. Ngati bala lanu likadali laliwisi, musaliwerenge nokha usiku. Gwirizanani ndi mnzanu amene mumamukhulupirira, muziwerenga mitu iwiri kapena itatu kenako n'kukambirana.